Telala wa Nyota

Makina anga ali pakhonde la sitolo ya a Juwawo,
pamsewu wopita ku Senga Bay,
pomwe malole a asilikali amachepetsa liwiro poopa mabampu.
Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikupalasa chitsulo chimenechi,
ndipo mapewa a akuluakulu ndimawadziwa
kuposa momwe akazi awo amawadziwira.
Ili ndi lotsika, ili linathyokapo pa parachuti,
ili limanjenjemera ndikangoyandikiza tepi.

Mu Okutobala, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo,
anabwera a Meja Chikakuda, jekete ili m'jumbo,
nyota zatsopano atazikulunga m'kansalu kopukutira thukuta.
"Soka, koma usauze munthu. Lachisanu alengeza."
Ndinasoka ndi ulusi wophatikiza pawiri
kuti zisadzagwe pa perete.

Mwana wanga Mwandida, wophunzira zamalamulo uja,
anali patchuthi, akundiikira mabatani.
Akuti, "Bambo, zonsezi zinalembedwa.
Wosankha ndi uje, wosankhidwa akhale wotere:
zaka zakuti pantchito, maphunziro akuti,
mbiri yopanda banga, thupi loyezedwa ndi dokotala.
Malipiro ake sachokera m'thumba la munthu,
ndi msonkho wathu womwe, wa sopo ndi ulusi wanuwu."
Ine ndinati, "Ndiye a Meja adutsa basi,
mapepala ali nawo odzaza sutikesi."
Mwanayo anangoseka.
Akuti kumapeto kumatha kukhala kamzere kamodzi,
koti wosankhayo achite monga waonera kuti n'koyenera.
Kamzere kochepa ngati diso la singano,
koma ulusi wonse umadzera pomwepo.

Lachisanu ndinaika wailesi pamwamba pa nsalu.
Wogulitsa chinangwa anasiya kukuwa,
akabaza awiri anaimika njinga zawo.
Dzina linatuluka lina:
Mlongoti,
mnyamata amene a Meja anamuphunzitsa kupinda parachuti,
amene ndinamubwezera thalauza kawiri chifukwa chowonda.
Sindikunena kuti ntchito saidziwa, ayi.
Kunkhondo sindinapite naye,
ine ndinangomuyeza m'chiuno.

Loweruka, masitolo asanatsegule,
a Meja anafika atavala malaya a kutchalitchi.
Moni sanapereke.
"Chotsa."
Ndinatenga lezala, n'kudula ulusi umodziumodzi,
ndikudzitukwana chamumtima kuti ndinalimbitsiranji chonchi.
Nyota zinachoka, timabowo tinatsala.
Ndinawaza madzi, ndinasita ndi simbi yamakala,
ndinakanda ndi chikhadabo,
timabowo tili pomwepo, ndandanda,
ngati mapazi a nyerere padothi lonyowa.

Analipira kawiri, kusoka ndi kuchotsa,
chenje osafunsa.
Nyotazo anazisiya pathebulo.
"Sunga, mwina wina adzazifuna."

Sabata yotsatira kunabwera galimoto yagalasi zakuda.
Dalaivala anatsitsa majekete atatu,
akuti bwana watsopano akuwafuna mawa m'mawa,
ndalama ndidzalandira mwezi ukatha.
Ndinagona pamakina usiku umenewo, nyali ili pambali.
Ndinalemba m'kope langa la ngongole,
pansi pa dzina la mphunzitsi wa ku Kaphatenga
amene anamwalira asanandilipire suti yaukwati.
Mwezi unatha. Unatha wina.
Mvula inagwa, chimanga chamasula, kope lili chitsegukire.

Mwandida asanakwere basi ndinamufunsa,
"M'buku lakolo, momwe analemba za nyumba ya bwana,
za mafuta a galimoto, za penshoni yake,
mulibe kamzere ka telala?"
Ananyowetsa chala, n'kutembenuza masamba mpaka kuchikuto.
"Mulibe, bambo."

Nyota za a Meja zili m'kachitini ka mabatani.
Lole ikagunda bampu, thebulo limagwedera,
ndipo ndimazimva zikulira m'menemo
pamodzi ndi mabatani a yunifolomu za ana asukulu.